Penti ya ndege yankhondo si zodzoladzola

Ndakwiya, ndipo sindikhala chete. Lamlungu tikutuluka m'tchalitchi ku Rosettenville kuno ku Johannesburg, mtsikana wina wa kwathu yemwe akuphunzira uinjiniya amafotokoza ntchito yake ya kusukulu: kuyesa pa kompyuta momwe penti imachititsira ndege yankhondo kuoneka msanga kapena mochedwa. Bambo ena akuluakulu akuti, "Makolo akulipira ndalama zonsezo kuti uzipenta tindege?" Anthu n'kuseka. Mwana uja anangozyolika.

Bambo inu, safunsa anadya phula.

Penti imeneyo si yokongoletsa, ndi moyo wa munthu. Ine ndimapopera penti magalimoto ku Booysens. Galimoto yonyezimira ikawombedwa ndi dzuwa pa msewu wa M1 imakuthobwa m'maso uli kutali. Ndege ikang'anima choncho yadziulula yokha kwa mdani, ndipo m'katimo muli mwana wa munthu. N'chifukwa chake ma Gripen, ndege zankhondo za dziko lino la South Africa, omwe mumawajambula ndi mafoni pa chionetsero cha ndege cha ku Waterkloof, ndi otuwa, penti yake yosanyezimira. Mumati anasowa mitundu ina?

Mwina mukuganiza kuti yakuda ndiyo imabisa. Masana ayi! Thambo limawala, ndiye chakuda chimaonekeratu. A ku Britain anapenta dala ndege zawo zophunzitsira za Hawk penti yakuda kuti zizioneka, zisagundane. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, a ku America anayesa kuyatsa magetsi kutsogolo kwa ndege kuti ifanane ndi kuwala kwa thambo. A ku Canada anajambula galasi labodza, longa la pomwe pamakhala woyendetsa, kumimba kwa ndege zawo za CF-18 kuti mdani asokonezeke, asadziwe kumene ikukhotera. Zonsezi ndi masewera?

Nanga mukufuna aziyesa bwanji? Aulutse ndege, aipalenso, aipentenso, aiulutsenso, mafuta mukulipira inu? Pa kompyuta amaika dzuwa la m'mawa, la masana, mitambo, utsi uja umakuta Johannesburg nthawi yozizira. Amaipendeketsa ndegeyo uku ndi uku, n'kusintha penti, yosalala, yokhakhala, yoderapo, kenako n'kuwerengera mtunda womwe diso la munthu lingaitulukire. Radar, makina otulukira ndege ili kutali, ilipo, inde, koma ndege zikayandikana diso ndilo limagwira ntchito, ndipo woona mnzake poyamba ndiye amabwerera kwawo. Mwanayo akuwerengera zimenezo. Akuwerengera moyo. Inu mukuti tindege.

Kaya ndi nsanje, kaya chifukwa ndi mtsikana, mukudziwa nokha.

Ndipo ndi anthu omwewa amene amatiyang'ana ife opopera penti ngati tinalephera sukulu. Galimoto ikakandika, ndi awa pakhomo, "achimwene tithandizane, tonse ndife a kumudzi." Ukawauza mtengo wa penti, thina ndi sandipepa, amayamba kukuwerengera za lendi yawo. Ine lendi sindilipira?