Chotigwira mu Blantyre si kunyada

Alembi, mwanena zoona kuti moyo wa m'tauni ndi wowawa. Lendi ikukwera chaka ndi chaka, mipope imauma, magetsi amathima, ndipo m'mawa kupeza minibasi ku Ndirande kapena ku Bangwe ndi nkhondo. Koma pomwe mukuti tikukakamira mu Blantyre chifukwa chonyada, pamenepo ndiye ndakana.

Ine ndimakhala ku Chilomoni, ndipo chondigwira kuno ndi ndalama ya tsiku ndi tsiku. Kumudzi ndalama imaoneka nthawi yokolola, ukagulitsa soya kapena nandolo, kenako n'kudikira chaka chamawa. Kuno mayi wogulitsa mandasi pa siteji amabwerera kunyumba ndi ya ndiwo madzulo aliwonse, mnyamata wa kabaza chimodzimodzi. Pa msika wa Limbe ngakhale wonyamula katundu pamutu amadya.

Nanga matenda? Mwana akadwala usiku, chipatala cha Queen Elizabeth chili pafupi, pomwe abale athu a ku Nsanje amatumizidwa komweko atavutika ndi ulendo wautali.

Ndiye pali tsiku lomwe Bullets yakumana ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium. Mzinda wonse umagawikana pawiri, ofiira ndi obiriwira ngati thambo, ndipo ine tsiku limenelo sindifuna kukhala kwina kulikonse.