Apabanja, mana a dzulo amagwa mphutsi

Ana anga apabanja, wakutsina khutu ndi mnansi. Lero ndikutsinani, amene zimuwawe apirire.

Ndatopa nako kuona maukwati odalitsidwa m'tchalitchi akupasuka ana asanayambe n'sukulu komwe. Ukafunsa chatsitsa dzaye, yankho lake limakhala lakuti Satana walowerera. Walowadi, nanga chitseko anamutsegulira ndani? Tandiuzani, inu ndi akazi anu, inu ndi amuna anu, munagwada limodzi liti komaliza? Za Lamulungu pa benchi, pamene mpingo wonse ukukuonani, zisiyeni. Ndikufunsa za kuchipinda, chitseko chili chotseka. Ambiri mukawerenga bwinobwino mupeza kuti pemphero lanu lomaliza ndi lija la tsiku la ukwati, ndipo lomwelonso anachita kukupemphererani abusa, inu munangoti Amen.

Tsegulani Eksodo 16. Aisraeli ali m'chipululu, Mulungu ankawagwetsera mana, chakudya chochokera kumwamba, m'mawa uliwonse, munthu aliyense muyeso wa omeri umodzi, wokwanira tsiku limenelo basi. Mose anawauza kuti asasiyeko kufikira m'mawa. Ena odziona kuchenjera anasungako, kutacha anapeza atagwa mphutsi, akununkha. Tsiku la 6 lokha ndi limene ankatola miyeso iwiri chifukwa cha Sabata, ndipo amenewo sankawola. Dzuwa likatentha, mana otsala pansi ankasungunuka, ndiye wokonda tulo ankagona ndi njala. Zinayenda choncho zaka 40. Mukuganiza kuti Mulungu akanalephera kuwapatsa chakudya cha chaka chathunthu nthawi imodzi? Ankafuna kuti m'mawa uliwonse adzuke akudziwa amene akuwasunga.

Inu mukufuna banja lanu lizidya mana amene munatola tsiku la ukwati. N'chifukwa chake m'nyumbamo mwayamba fungo. Kuleza mtima kumene munali nako dzulo kunathera dzulo lomwelo, lero pakufunika kwina, ndipo kopempha n'komweko. Ambuye Yesu pophunzitsa kupemphera anati tizipempha chakudya chalero. Sanatchulepo cha mwezi wamawa.

Nanga m'mawa mumatola chiyani? Foni. Maso asanatseguke bwinobwino dzanja lafika kale pansi pa pilo. Usiku nawo ndi zomwezo: anthu awiri pabedi limodzi atafulatirana, nkhope zikuwala ndi magetsi a foni, wina akuseka yekhayekha, mnzake osadziwa chikumuseketsa. Munthu yemweyo waika vesi pa WhatsApp kuti dziko lonse liwerenge, koma amene wagona pambali pake sanamufunse n'komwe kuti waswera bwanji. Pa Facebook zithunzi zanu n'zosiririka, mwavala zofanana, mwamwetulira mpaka m'makutu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Aisraeli aja anafika potopa nawo mana. Pa Numeri 11 akulira, akukumbuka nsomba zimene ankadya ku Iguputo, aiwala zikwapu ndi njerwa zimene ankaumba. Ndi mmene ena mwa inu mukuchitira. Mkazi amene Mulungu anakupatsani mwamuzolowera, mwamuna amene munalumbira naye simukumuonanso kukoma, ndiye mwayamba kufufuza dzina la chibwenzi chakale pa intaneti. Mumati ndi moni chabe. Mfumu Davide naye, ali padenga, anangoyang'ana mkazi wa Uriya, m'nyengo imene mafumu ankapita kunkhondo iye atatsala kunyumba, ndipo zinathera pa maliro a Uriya. Kauthenga kalikonse kamene mumafufuta msanga kuti mnzanu asakaone, dziwani kuti kakunenani kale. Wachitatu amene akufunika m'banja ndi Mulungu yekha, wina aliyense ndi kapasule.

Inu abambo, bwerani pafupi. Mumafuula kuti ndinu mutu wa banja, koma vesi la Aefeso 5:25 mumalilumpha, pamene akuti muzikonda akazi anu monga Khristu anakondera mpingo mpaka kudzipereka chifukwa cha iwo. Petro akunena mosabisa pa 1 Petro 3:7 kuti kusalemekeza mkazi kumatsekereza mapemphero a mwamuna. M'masiku a Malaki anthu ankanyowetsa guwa ndi misozi, akudabwa kuti Mulungu sakulandiranso nsembe zawo. Mneneriyo anawauza kuti Yehova anali mboni pakati pa iwo ndi akazi a ubwana wawo, amene anawachitira zachinyengo. Ndiye mukusala kudya kuti bizinesi iyende, mayi kunyumba akulira ndi mawu amene munawalasa nawo dzulo? Mukungodzipweteka ndi njala.

Amayi, nanunso musaseke. Miyambo 14:1 ikuti mkazi wanzeru amamanga nyumba yake, wopusa amaipasula ndi manja ake omwe. Masiku ano zala ziwiri zokha zikukwanira. Mwayambana pang'ono, mwalemba kale pa Facebook mawu okuluwika amene aliyense akudziwa kuti akunena bambo akunyumba. Mawa mugwirizana, koma amene anawerenga aja saiwala. Madzi akatayika saoleka.

Pano ndiikepo mawu, kuopa kuti wina angandinamizire. Sindikuuza munthu amene akumenyedwa kuti azingopemphera ali chete. Nkhanza ndi tchimo komanso ndi mlandu. Auzeni akulu a mpingo, pitani kupolisi, tetezani moyo wanu ndi wa ana.

Ine amene ndikukudzudzulanine ndinapsapo nawo moto womwewu. Chaka china ine ndi mayi akunyumba tinatha masiku 4 osalankhulana, pa nkhani imene lero sindingaikumbuke n'komwe. Ana ndi amene anasanduka amithenga: "Kauze amayi ako kuti malaya anga ali kuti." Vesi la Aefeso 4:26, lakuti dzuwa lisalowe muli chikwiyire, ndinkalidziwa pamtima, ndinali nditaphunzitsapo ena. Dzuwa linalowa kanayi konse. Tsiku lachisanu lake ana anasonkhana kuti tipemphere madzulo, ine n'kuyambitsa Pemphero la Ambuye ndi mawu amphamvu ngati palibe kanthu. Nditafika pamene timapempha kuti atikhululukire monga ifenso takhululukira otilakwira, lilime linauma gwa. Ana anapitiriza okha mpaka Amen, kenaka wamng'ono anatsegula diso limodzi n'kufunsa kuti, "Ababa, mwaiwala mawu?"

Sindinaiwale. Ana atagona ndinapita kukakhala m'mphepete mwa bedi, ndinati, "Mayi, ndinalakwa." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anasendera n'kundisiyira malo ogwada.