Mzuzu kapena Chainama? Za namwino wofuna kuphunzira matenda a maganizo

Mng'ono wanga wa kuntchito, namwino wa zaka zinayi m'wodi, adanditumizira pa WhatsApp chithunzi cha sukulu ina ya ku America yophunzitsa pa intaneti udindo wa psychiatric nurse practitioner, namwino wa matenda a maganizo woyeza odwala payekha. Funso lake linali lalifupi: achemwali, ndilembetse?

Ndidamuuza kuti ayambe wadekha. Udindo umenewo ndi wa ku America konko. Namwino amachita masters kapena doctorate, kulemba mayeso a ANCC, bungwe loyesa anamwino kumeneko, kenako boma la dera lomwe akukhala limamupatsa chilolezo choyeza odwala ndi kulemba mankhwala. Maphunzirowo amafunanso maola ochuluka ogwira ntchito m'chipatala moyang'aniridwa. Uli ku Mchinji, maola amenewo ukawapeza kuti? Kwa ife funso lenileni lili pafupi: kwathu konkuno, kapena kuwoloka malire pa Mwami.

Kuno njira yodziwika ndi sukulu ya St John of God ku Mzuzu, yomwe imapereka digiri ya unamwino wa matenda a maganizo, ndiponso ina ya ma clinical officer. Odwala ovuta kwambiri amathera ku Zomba Mental Hospital, chipatala chachikulu cha boma cha matendawa. Ku Zambia zambiri zidaunjikana pamalo amodzi: chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama Hills ku Lusaka, chomwe chidatsegulidwa mu 1962, ndipo koleji yake ya Chainama tsopano ili pansi pa Levy Mwanawasa Medical University. Kalasi ndi wodi zayandikana. Ubwino wake ndi womwewo, koma ndi vuto lakenso, chifukwa umazolowera chipatala chachikulu pamene ntchito yako idzakhala ya m'boma, kukwera ambulansi kamodzi pamwezi kupita kumahelofu senta ndi katoni ya chlorpromazine, amitriptyline, phenobarbitone wa akhunyu ndi jakisoni wa Modecate.

Pa malamulo anzathu a ku Zambia adatitsogolera. Mu 2019 adakhazikitsa Mental Health Act yatsopano, kutaya lamulo la atsamunda lomwe linkatchula odwala ndi mayina achipongwe. Lamulo lomwe Malawi adayendera kwa zaka zoposa 70 ndi la 1948. Wophunzira ku Lusaka amakula ndi nkhani ya ufulu wa wodwala, kuti amene wadwala misala akadali munthu woti afunsidwe maganizo ake asanatsekeredwe. Zimenezo ndimazisirira.

Koma chomwe ine ndimachiyang'ana kwambiri sichilembedwa pa fomu iliyonse, ndicho chilankhulo. M'wodi ya opareshoni ukhoza kusoka bala la munthu yemwe sukumumva. Ku matenda a maganizo ayi. Chida chako ndi khutu. Mayi akakhala pabenchi, nsalu atafunda kumutu, n'kunena kuti mtima ukuthamanga ndipo m'mutu mukuyenda zinthu, uyenera kusiyanitsa ngati ndi nkhawa, kukhumudwa atabereka, kapena akumvadi mawu omwe ena sakuwamva. Wina sadzanena kuti wataya mtima; adzati ndikuganiza kwambiri. Amalume omwe abwera naye adzati walodzedwa, ndipo adutsa kale kwa sing'anga ndi kumapemphero. Ukasowa mawu amodzi pamenepo, wapereka mankhwala olakwika.

Apa m'pamene mapu amanama. Mchewa wa ku Mchinji kapena Dedza akafika ku Mzuzu ali m'dziko lake, koma odwala ambiri amalankhula Chitumbuka, ndipo akatchula vimbuza akunena chinthu chokhala ndi miyambo yake, ng'oma zake, chomwe sungachimasulire mwachisawawa. Yemweyo akafika ku Lusaka, dziko lachilendo, akapeza Chinyanja m'misewu ndi m'wodi momwe. N'chosakanikirana ndi Chibemba ndi Chingerezi, amati nifuna pamene ife timati ndikufuna, koma pakatha milungu ingapo khutu limagwira. Sindikuti Mzuzu ndi yoipa, kutalitali. Wodzagwira ntchito kumpoto kapena ku Kasungu, Chitumbukacho ndi phindu. Ndikungoti funsa kuti udzamva ndani. South Africa, yomwe ambiri amaithamangira chifukwa cha postgraduate diploma yake, imakuika pamaso pa wodwala wolira m'Chizulu kapena Chisotho, ndipo usanayambe n'komwe uyenera kudutsa ndi mapepala ako ku SAQA, bungwe lounika masatifiketi, ndi ku SANC, bungwe la anamwino la kumeneko.

Za mapepala zomwezo zilipo ndi ku Zambia. Ukaphunzira kumeneko uyenera kudziwika ku Nursing and Midwifery Council of Zambia, ndipo pobwera, Nurses and Midwives Council of Malawi ndiyo inganene ngati satifiketiyo ikuwerengedwa. Lemba kalata uwafunse usanalipire fizi, osati utabwerako.

Chinanso ndidamuuza mosabisa. Ine nditamaliza maphunziro anga ndidabwerera kuchipatala china cha boma ndili ndi chidwi chodzaza mtima. Sabata yoyamba yomweyo dzina langa lidapezeka pa rosita ya ku matenite, usiku, chifukwa anamwino anali ochepa. Kiliniki ya maganizo ndinkaiona Lachinayi lokha, m'kachipinda kosungiramo matiresi akale.

Mng'ono wangayo kwawo ndi ku Mkanda, amayi ake ndi a ku Chipata. Adandiyankha usiku womwewo kuti ayamba ndi kalata ya ku Council.