Cypress kapena Playwright? Yambani mwayesa masamu a ndalama

Mkangano wa Cypress ndi Playwright, zida ziwiri zoyesera ngati system ya pa browser ikugwira bwino ntchito, ndatopa nawo. M'magulu athu a WhatsApp a opanga ma system, munthu akangofunsa kuti code yake aziyesa ndi chiyani, pasanathe mphindi khumi anthu agawanika pawiri. Wina watumiza kale vidiyo ya YouTube, wina akuseka kuti Selenium, chida chakale cha ntchito yomweyo, ndi ya agogo. Wofunsa uja amangoti zii, n'kubwerera kukayesa ndi manja monga kale: kudina apa, kudina apo, kenako n'kuimbira kasitomala kuti bwana zonse zili bwino.

Ife a ku Kasungu kuno amene timawapangira ma system ndi makopaletivi a soya ndi mtedza, ma SACCO, masukulu apulayiveti, mashopu a pa boma. Pa ntchito zotere, funso la Cypress kapena Playwright limabwera mochedwa kwambiri. Loyamba n'lakuti masamu a ndalama mu system yanuyo akuyesedwa ndi chiyani, ndipo ma test akewo angayende bandulo itatha, laputopu ili pa batire, magetsi atapita kuyambira m'mawa?

Ma test alipo a mitundu ingapo, koma ine ndimawaika m'magulu awiri basi. Pali ang'onoang'ono amene amaitana function imodzi, kuipatsa nambala, n'kuona ngati yabweza yankho loyenera. Amenewa safuna browser, safuna intaneti, ndipo mazana angapo amatha musanamalize kutsegula botolo la Fanta. Ndiye pali akuluakulu amene amatsegula browser yeniyeni n'kumadina ngati munthu. Cypress, Playwright ndi Selenium ndi a gulu lachiwirili. Anthu amakangana za gulu lachiwiri pomwe loyamba lili mbee, mulibe test ngakhale imodzi.

Pa gulu loyamba palibenso chosankha chenicheni, chifukwa chida chimabwera ndi zimene mukulembera kale. Ngati mumalemba PHP pa Laravel, monga ambiri a ife, chida choyesera cha PHPUnit ya Sebastian Bergmann chili momwemo, ndipo Pest, imene Nuno Maduro anatulutsa mu 2020, yangokhala pamwamba pa PHPUnit yomweyo ndi kalembedwe kofupikirako. Muiuze kuti igwiritse database ya SQLite ya mu memory, simufunanso kuyatsa MySQL. A Django, olemba Python, muli ndi manage.py test kuchokera tsiku loyamba, pytest mukaifuna ndi yowonjezera chabe. Ku JavaScript, ngati project ikuyenda ndi Vite tengani Vitest, imawerenga config yomweyo ndipo simuvutika ndi Babel. Ngati ndi project yakale ya Create React App, imene eni ake anaisiya mu February 2025, muli kale Jest, isiyeni igwire ntchito. Kalembedwe ka Jest ndi Vitest n'kofanana kwambiri moti tsiku losamuka likadzafika simudzalira. Ndipo kuyambira Node 18 mu 2022 muli node:test, yosafuna kutsitsa kanthu.

Tsono muyesa chiyani? Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo.

Tsegulani console ya browser mulembe 0.1 + 0.2. Yankho silibwera 0.3, libwera 0.30000000000000004. Si vuto la JavaScript yokha, PHP ndi Python nazonso zimasunga ma float, manambala okhala ndi kadontho, chimodzimodzi. Pa risiti imodzi palibe angaone. Koma mlembi wa kopaletivi akamalowetsa makilo 47.3 a mlimi uyu, 112.8 a uyo, kuchotsa ya thumba, kuchotsa ngongole ya mbewu, kuchotsa gawo la kopaletivi, pakutha pa msika lipoti ndi ndalama za m'bokosi zimasiyana, ndipo amene amatukwanidwa pa msonkhano ndi msungichuma. Sungani ndalama mu tambala, nambala zathunthu, K1 kukhala 100, ndipo mulembe test yokhala ndi ziwerengero zimene mwawerengera nokha ndi cholembera. Zili ngati kuika paketi ya shuga ya kilo imodzi pa sikelo ya venda musanamupatse soya wanu. Mukudziwa kale chimene sikelo ikuyenera kunena.

Chachiwiri ndi malipiro a pa foni. System yolandira fizi kapena ngongole kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba imadalira uthenga umene mbali inayo imatumiza ku server yanu kuti ndalama yalowa. Server yanu ikachedwa kuyankha, ma gateway ambiri, makampani odutsitsa malipirowa, amatumizanso uthenga womwewo, ndipo amachita bwino kutero. Code yanu ikapanda kuyang'ana nambala ya transaction, mwana mmodzi amaoneka kuti walipira fizi kawiri. Test yake ndi mizere khumi: tumizani uthenga womwewo kawiri, onani kuti mu database mwalowa mzere umodzi. Browser siikufunika pamenepa ngakhale pang'ono.

Palinso tizinthu ta kwathu kuno timene wopanga vidiyo wa ku California sangatitchule. Nambala ya foni imodzi anthu amailemba mitundu inayi: kuyamba ndi 0, kuyamba ndi +265, 265 yopanda kanthu kutsogolo, kapena ndi mipata pakati. Maina a anthu ndi a midzi ali ndi ng' ndi m', ndipo kachizindikiro kameneko kamathyola query yolembedwa mosasamala. Server yobwereka kunja nthawi zambiri imayenda pa UTC, nthawi ya muyezo wa dziko lonse lapansi, ife tili maola awiri kutsogolo, ndiye amene walipira 1 koloko usiku pa 1 mwezi uno amakagwera m'lipoti la mwezi watha n'kulipitsidwa chindapusa. Zonsezi PHPUnit, pytest kapena Vitest imazigwira m'masekondi.

Mukamaliza zimenezo, ndiye tikambe za browser. Ine ndili ku Playwright, ndipo zifukwa zanga si za fashoni.

Microsoft inaitulutsa mu 2020, ndipo ena mwa amene anailemba ndi omwe anapanga Puppeteer, chida china choyendetsa browser, ali ku Google. Imayendetsa ma browser a Chromium, Firefox ndi WebKit, imalembeka mu JavaScript, Python, Java ndi .NET. Koma chimene chinandikoka n'china. Ndi mzere umodzi mumatha kudula netiweki pakati pa test, fomu ili theka, n'kuona chimene system ichite. Mlembi amene ali ku Chamama kapena ku Santhe ndi foni ya kamzere kamodzi ka netiweki, moyo wake wa tsiku ndi tsiku ndi umenewo. Akadina batani lotumiza, palibe chikuoneka, adinanso, adinanso kachitatu. Kodi zilowa katatu? Zimene analemba zisowa? Playwright imakulolani kuchedwetsa dala yankho la server n'kudina katatu komweko.

Chifukwa china ndi ndalama zakunja. Cypress payokha ndi yaulere, zimenezo tisanamizane. Koma kugawa ma test pa makina angapo ndi kusunga mbiri yake kumadutsa pa Cypress Cloud, imene mukapitirira gawo lake laulere mumalipira mu madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse cholipira mwezi ndi mwezi mu madola chinasanduka katundu wolemera kwa munthu amene kasitomala wake amalipira akagulitsa fodya ku Chinkhoma. Playwright imayendetsa ma test angapo nthawi imodzi pa makina anu omwewo, ndipo trace viewer yake, yoonetsa sitepe iliyonse pamene test yagwera, salipiritsa.

Za bandulo samalani. Mukangolemba npx playwright install osatchula kanthu, itsitsa ma browser onse atatu, ma MB mazanamazana. Onjezani mawu akuti chromium kumapeto, kapena muiuze mu config kuti igwiritse Chrome imene ili kale mu laputopu. Nzeru ina ndi kukankhira ma test a browser ku GitHub Actions, makina a GitHub oyendetsa ma test m'malo mwa laputopu yanu, kumene akaunti yaulere imapatsidwa mphindi 2,000 pa mwezi pa ma repo achinsinsi. Kutsitsa konse kuchitike pa intaneti yawo, inu mungoona chobiriwira kapena chofiira pa foni.

A Cypress musakwiye. Zenera lake lija, pamene munthu amaona lamulo lililonse kumanzere ndi tsamba kumanja n'kumabwerera m'mbuyo, ndi mphunzitsi wabwino kwa amene akungoyamba. Ngati muli nayo kale ndipo ikuyenda, kusamuka n'kutaya sabata imene palibe adzakulipireni. A Laravel amene safuna kukhudza JavaScript ali ndi Dusk. Ndipo Selenium imene mukuiseka ija inayamba mu 2004 ndi Jason Huggins ku ThoughtWorks, WebDriver yake inakhala muyezo wa W3C mu 2018, mpaka lero ikadali moyo. Protractor, chida china cha ma test a browser chimene a Angular ankachilumbirira, inatha mu 2023. Amene analemba ma test mazana ndi iyo anayambiranso. N'chifukwa chake ine ma test a browser ndimafuna akhale ochepa: kulowa mu system, kulembetsa membala, kulandira malipiro, kusindikiza lipoti. Asanu kapena asanu ndi atatu. Ndipo azipeza batani ndi mawu olembedwa pa batanipo, osati ndi class ya CSS imene mawa musintha.

Playwright ikamati ikuyerekeza foni, imangochepetsa sikirini ndi kusintha dzina la browser. Mphamvu ikadali ya laputopu yanu. Itel kapena Tecno ya RAM yochepa yodzaza ndi mavidiyo a WhatsApp ndi nkhani ina, ndiye musanapereke ntchito bwerekani foni ya mlembi weniweniyo muyesepo.

Ganiziraninso amene adzalowe m'malo mwanu. Ambiri a ife timagwira tokha, ndipo ntchito ikapezeka ku Lilongwe timanyamuka. System imatsala ndi mnyamata kapena mtsikana wa ku MUBAS, Mzuni kapena MUST amene wabwera pa attachment. Akalemba php artisan test kapena npm test zinthu n'kuyenda nthawi yomweyo, adzapitiriza kulemba ma test. Akapeza kuti afunika Docker, ma key atatu ndi akaunti imene password yake munapita nayo, adzafufuta folder yonseyo, ndipo sindingamuimbe mlandu.

Ena mundiuza kuti kasitomala wa kuno salipira ma test. Zoona, mukalemba mzere wakuti testing pa quotation, tcheyamani wa kopaletivi ndi umene adzayambe kudula. Ine sindiulemba padera. Ndimauphatikiza mu mtengo wa gawo lililonse lokhudza ndalama, ndipo pa tsiku lopereka ntchito ndimatenga masamba awiri a buku lawo la chaka chatha, ziwerengero zimene msungichuma anawerengera yekha, n'kuziyendetsa mu ma test iwo akuona pa sikirini.