Tchalitchi cha m'galaja ku Joni ndi ndalama zake

Basi ikamanyamuka pa Wenela, anthu amakhala atanyamula zonse: ufa, usipa, chitenje chofunda usiku wa pa Mwanza, nambala ya achimwene okawachingamira pa Park Station. Kalata ya ku mpingo yokha ndiyo imatsala ku Ndirande. Munthu yemweyo akakhala miyezi itatu ku Joni, wagona m'chisakasa anthu asanu, ganyu yasowa, masiku 30 amene anamudindira pa Beitbridge atha kalekale, m'pamene amayamba kufunsa kuti kodi Amalawi kuno amapemphera kuti.

Amapemphera m'magalaja, m'makalasi a sukulu obwereka Lamlungu masana, pena pabalaza pa munthu. Anthu 20 kapena 40, mipando ya pulasitiki, kiyibodi yolira mbali imodzi. Amene anazolowera St Michael and All Angels, nyumba ya njerwa imene yaima kuyambira 1891, amayamba ndi kuseka. Koma mlungu wonse abwana akukuitana "my friend", m'taxi ukuyankhula motsitsa mawu kuti asadziwe kuti ndiwe mkwerekwere, dzina lonyoza mlendo wa dziko lina, ndiye kufika pamalo poti wina akuti "mwadzuka bwanji achemwali" ndi kuimba nyimbo imene unaimba pa maliro a agogo ako, misozi imatsika yokha. M'galaja momwemo ndi momwe imamveka nkhani ya chipinda chotsika mtengo, ya mayi amene akufuna wantchito wa m'nyumba, ya dalaivala wodalirika wopatsira katundu wa kumudzi. Anthu akamathamangitsidwa ngati mu 2008 ndi 2015, uthenga woti thawani umayenda pa foni za ampingo.

Tsono musananyamuke, pitani kwa mlembi wa sesheni kapena ku parishi mukatenge kalata yosonyeza kuti ndinu Mkhristu wa mgonero, ndi khadi la ubatizo. Amayi a Mvano, yunifolomu musaisiye. Popanda kalata, mpingo wolongosoka umakukhazikani kumbuyo kufikira utafunsa kwanu, ndipo ukwati kapena ubatizo wa mwana umachedwa pa chifukwa chomwechi.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi ndalama. Timipingo timeneti sitimagawanika chifukwa cha chiphunzitso ayi, timagawanika pa thumba la maliro. Banki ya kumeneko imafuna mapepala abwino ndi umboni wa komwe ukukhala, zinthu zimene ambiri alibe. Ndiye chopereka, chakhumi, ya lendi ndi ya maliro, zonse zimakathera mu akaunti ya munthu mmodzi, kawirikawiri abusa eni ake kapena mlamu wawo. Tsiku lomwe munthu wamwalira m'pamene mumamva kuti ndalama ija anabwereka m'bale wina, abweza mwezi ukatha. Mtembo uli ku mochale, ndipo kumeneko amawerengera tsiku ndi tsiku.

Kunyamula maliro kuchoka ku Johannesburg kukafika ku Chilobwe si nkhani ya chipepeso cha m'mbale. Pamafunika kalata ya imfa, kalata yoti thupi lakonzedwa ndi mankhwala, bokosi lomata bwino, zikalata za ku ofesi ya kazembe wathu, ndi galimoto yodutsa Zimbabwe ndi Tete, malire atatu. Werengani nokha: anthu 40 akamasonkha R50 pa mwezi ndi R2,000, pa chaka R24,000. Maliro awiri akagwa motsatana, thumba lauma. Ndiye mpingo wanzeru umalekanitsa thumba la maliro ndi la lendi, osayinira amakhala atatu osakhala a banja limodzi, m'busa sakhala mmodzi wa iwo, ndipo msungichuma amawerenga lipoti pamaso pa onse mwezi uliwonse. Ukalipira, akupatse risiti kapena akulembe m'kaundula ukuona. Ofuna inshuwalansi ya maliro afunse zinthu ziwiri asanasayine: ngati imalandira pasipoti ya Malawi, ndi ngati imafikitsa thupi kumudzi. Zambiri zimadikiritsa miyezi 6 pa imfa ya matenda, choncho kulembetsa munthu atagona kale m'chipatala n'kutaya ndalama.

Nanga aneneri aja? Munthu anali kondakitala ku Limbe, wawoloka Limpopo, lero ndi "Papa". Akugulitsa mafuta odzozera pasipoti kuti apolisi asaione. Abale anga, lamulo la kumeneko kuyambira 2014 n'lomveka: ukapitirira nthawi imene anakudindira ndi masiku osaposa 30 amakuletsa kulowanso chaka chimodzi, ukapitirira kuposa apo ndi zaka 5. Mafuta safufuta zimenezo mu kompyuta, ndipo ku Lindela, kumene amasungira anthu oti awabweze kwawo, kwadutsa anthu ambiri odzozedwa. M'busa wofuna kusunga pasipoti yanu, wolipiritsa kuti muonane naye, woletsa kucheza ndi a mipingo ina, ameneyo musiyeni Lamlungu lomwelo.

Nafenso akhristu tili ndi zathu. Ena amaonekera tsiku limodzi pa chaka, koma akadwala amafuna mpingo wonse ukhamukire kuchipatala. Ogwira ntchito m'nyumba ndi m'minda ya maluwa n'zomveka, abwana sapereka Lamlungu lililonse. Amenewo alowe mlaga kapena mphakati wa m'dera lawo, umene umakumana madzulo pakati pa mlungu, ndipo zosonkha azipereka pa nthawi yake. Miseche nayo yatha anthu. Chimene mwaulula popempha mapemphero Lamlungu, pofika Lachiwiri chili pa WhatsApp ku Bangwe, akazi anu akulira. Pempho la mapemphero lokhudza banja kapena matenda kanenereni mkulu wa mpingo mmodzi pambali.

Ndipo inu otsala ku Blantyre, m'bale wanu akakuuzani kuti wapeza kopemphera, lekani kufunsa za ndalama ya simenti yokha. Mufunseni dzina la mpingowo, dera lake, ndi nambala ya mlembi, muzilembe penapake. Foni yake ikadzasiya kulira, woyamba kumuimbira ndi ameneyo.