Ndodo yakale ya pool musathamangire nayo kwa kalipentala

Anzanga a pa tebulo la pool, pali kamatenda kena kamene katigwira muno mu Lusaka. Munthu akangopeza ndodo yakale, kaya m'katundu wa malemu agogo, kaya pa mulu wa salaula ku msika wa Soweto, amatsegula foni, n'kuona kuti ku America ndodo ina inagulidwa madola masauzande ambiri, basi tulo tatha. M'mawa mwake ali kale kwa kalipentala ku Kalingalinga kuti aipale, aipake vanishi iwale, ati wogula akopeke. Ine ndikuti ndalama imathera pomwepo, ngati inalipo n'komwe. Anthu osonkhanitsa ndodo zoterezi amalipira ntchito ya mmisiri woyamba, ndipo sandipepa amachotsa ntchitoyo pamodzi ndi zizindikiro zotiuza zaka zake.

Yambani mwadziwa mtundu wa ndodo imene mwagwira. Mitengo yochititsa kakasi imene mukuiona pa intaneti nthawi zambiri ndi ya ndodo za ku America: thabwa loyera la maple, nsonga yonenepa ya mamilimita 13, yolumikiza pakati ndi sikuluwu, pogwirira pokulungidwa ndi ulusi wa linen. Koma kuno masewera a pa tebulo anabwera ndi azungu a ku Britain, m'makalabu a pa migodi monga ku Nkana, Mufulira ndi Luanshya. Choncho ndodo yakale imene ingatuluke m'nyumba ya ku Matero kapena ku Kabwata, kawirikawiri ndi ya snooker kapena billiards: yathunthu yosadula, ya mtengo wa ash wooneka mizere yosongoka, nsonga yopyapyala ya mamilimita 10 kapena kucheperapo, kamphete ka mkuwa wachikasu kumutu, kumunsi mtengo wakuda bii wa ebony. Msika wake ndi wina, ogula ake ndi ena, ambiri ali ku England.

Pa ndodo za ku Britain, maso anu apite kumunsi, pamene mtengo wakuda ukulowa mu woyera ngati malilime. Ngati malilime akudawo akuthera mozungulira, mmisiri anapala ndi kumata pamanja. Ngati akuthera mosongoka ngati mkondo, ndi ntchito ya makina, ndipo zoterozo zinapangidwa zambirimbiri zoika pa shelefu ya kalabu. Chodabwitsa n'chakuti ku America nkhani imatembenuka: kumeneko nsonga zosongoka bwino ndizo zimasonyeza kalumikizidwe kakale, pamene zothera mozungulira zinachuluka atabwera makina oyendetsedwa ndi kompyuta cha m'ma 1980. Munthu wosadziwa mbali imene ndodo yake inachokera amawerenga chizindikirochi chadodolido. Palinso zina zimene malilime ake ndi ojambula chabe. Tsatirani mizere ya thabwa: ikangopitirira pansi pa mtundu wakudawo osaduka, ndi pepala kapena utoto, tiiwale za chuma.

Kenako kachikwangwani kakang'ono kamene amamata pa malo osalala kumunsi. Maina a makampani monga Burroughes & Watts, Thurston, Peradon ndi E.J. Riley wa ku Accrington ndi enieni, ndipo zolembedwapo zimathandiza kudula zaka. Joe Davis anawina mpikisano woyamba wa snooker wa dziko lonse mu 1927, ndipo 147 yake yovomerezeka, kutanthauza kulowetsa mipira yonse ulendo umodzi n'kupeza mapointi 147, anaimenya mu 1955. Ndiye ndodo ya dzina lake yotchula 147 singakhale ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, ngakhale amalume alumbire bwanji kuti bambo awo anabwera nayo kuchokera ku Burma. Kachikwangwani kamangotiuza chaka chimene ndodo singapitirire kumbuyo. Sikatiuza kuti inapangidwa chaka chomwecho, chifukwa mtundu umodzi ankaugulitsa kwa zaka zambiri. Ndiponso kamamatuka. Akathyali amakachotsa pa ndodo yothyoka n'kukamata pa yachabechabe, choncho yang'anani ngati kakhala bwino m'dzenje lake kapena pali guluu watsopano m'mbali.

Nkhani ya dzina imandiseketsa kwambiri pa George Balabushka, amene aliyense wofufuza pa foni amakumana naye. Anabadwira ku Russia mu 1912, ankagwira ntchito ku Brooklyn mu New York, anayamba kupanga ndodo mu 1959 ndipo anamwalira mu 1975 atapanga pakati pa 1,000 ndi 1,200 zokha. Mwambo wake sunali wolemba dzina pa ndodo. Zimene zili ndi siginecha yake yonyezimira zinapangidwa iye atamwalira, ndi kampani imene inapatsidwa chilolezo chogwiritsa ntchito dzinalo. Ndi ndodo zabwino zosewerera, koma mtengo wake uli kutalitali ndi wa zenizeni. Ngakhale yopanda dzina, kuizindikira n'kovuta, pakuti iye ankagula mbali yakumunsi yomatamata kale, poyamba ya Titlist ya kampani ya Brunswick, kenako kwa amisiri anzake Burton Spain ndi Gus Szamboti, ndipo amisiri ena ankagulanso komweko. N'chifukwa chake ogula enieni satulutsa ndalama popanda kalata ya katswiri amene anaigwira ndi manja.

Mnyamata wina anabwera pa bala ina ku Chilenje ndi chitini chachitali chakuda, cha dzimbiri m'mbali, chokhala ndi kakolowa ka loko. Zitini zotere ankazipachika pa khoma la kalabu, aliyense ndi loko wake. M'kati munali ndodo yathunthu ya agogo ake amene ankagwira ntchito ku migodi. Pogwirira panali podera ndi thukuta la zaka, ash atasanduka wofiirira, malilime anayi othera mozungulira. Tinaigubuduza pa tebulo, mutu wake sunadumphe ngakhale pang'ono. Cholinga chake chinali kuidula pakati, aike sikuluwu kuti izilowa m'chikwama pokwera basi, afupikitsenso chifukwa pamalo pamene amasewera khoma lili pafupi ndi tebulo. Mudala wina amene anali phee ndi Mosi wake anangoti, "Iwe mwana, ukagule ya ku Kamwala uzidula mmene ufunira, iyi uisiye." Ankanena zoona. Ndodo zotere zimakhala mainchesi 57 kapena 58, ndipo yodulidwa kapena yofupikitsidwa imagwa mtengo nthawi yomweyo. Chitinicho nachonso ndi mbali ya katundu, musachitaye.

Za mtengo, ndinene mosabisa: ukale pawokha sugulitsa. Ndodo ya makina ya zaka 60 ikhoza kuchepa mtengo poyerekeza ndi yatsopano ya mmisiri wotchuka John Parris wa ku London. Chimene chimakweza ndi mmisiri wodziwika, kusowa kwa mtunduwo, kuwongoka, ndiponso kuti palibe anaikonzakonza. Pa tsamba la malonda la eBay musaone ndalama imene wogulitsa akupempha, aliyense angapemphe chimene wafuna. Onani zimene zinagulidwadi, za mtundu womwewo. Mukatero chotsanipo ndalama yotumizira chinthu chotalika pafupifupi mita ndi theka kuchoka ku Lusaka, chimene chikathyoka panjira mwaluza zonse. Nthawi zina zotsalazo n'zochepa moti kuli bwino kuisunga n'kumasewera nayo Loweruka.

Chenjezo lina ndi la kuno kwathu. Ndodo zina zakale zili ndi mnyanga wa njovu pa kachikwangwani, pa kamphete kapena pa zokongoletsa. Mnyanga umaoneka timizere topingasana, fupa limaoneka timadontho takuda, pulasitiki ilibe zonsezi. Malonda a mnyanga pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989 ndi CITES, pangano la mayiko loteteza nyama ndi zomera zakutchire, ndipo lamulo la Zambia la nyama zakutchire la 2015 silichita nthabwala pa munthu wopezeka nawo alibe chikalata. Musanaike pa Facebook kuti "ndodo ya mnyanga weniweni", kafunseni kaye ku dipatimenti ya nyama zakutchire ku Chilanga.

Ndiye mukaipeza, ipukuteni ndi kansalu kouma basi. Jambulani kachikwangwani, malilime, kamphete ndi ndodo yonse pa kuwala kwa dzuwa, yezani kutalika ndi kulemera kwake, ndipo funsani akuluakulu a pabanja akadali moyo kuti inachokera kalabu iti, mulembe. Chikopa cha kunsonga mukhoza kusintha, palibe amene angakudzudzuleni. Koma musaitsamiritse pa khoma miyezi yonse ya mvula, ndipo musaisiye m'buti ya galimoto mu Okutobala, chifukwa ikapindika ngakhale katswiri amavutika kuiwongola.