Magazi achifumu ati? Zinali nkhosa zimenezo

Ndakwiya ndipo sindibisa. Usiku wathawu pa gulupu ina ya WhatsApp wina anaponya chithunzi cha Diana, mayi ake a William ndi Harry, n'kulemba pansi pake kuti tione magazi enieni, akuti banja lake la a Spencer linalowa mu England pamodzi ndi William the Conqueror, mfumu imene inagonjetsa dzikolo mu 1066, ndiye anthu amenewa anabadwa osiyana ndi ife, ulemerero wawo uli m'magazi. Anthu kumangoyika timitima, ena kuvomera kuti eya ena anabadwira kulamula. Ine nditayankha kuti ayi bwana si choncho, akuti ndili ndi nsanje. Nsanje? Pa bodza loti linagulidwa ndi ndalama zaka zoposa 400 zapitazo?

Tamvani abale anga. A Spencer anali oweta nkhosa. Basi. Zinawakweza ndi nkhosa, osati magazi, osati lupanga la mu 1066, nkhosa.

Munthu amene anayambitsa zonsezi ndi John Spencer, mlimi wa ziweto wa ku Warwickshire m'nthawi ya Henry VII, mfumu yoyamba ya banja la Tudor. Ankachita lendi malo odyetsera, kuweta, kugulitsa ubweya ndi nyama, kutenga phindu n'kuchitanso lendi malo ena, mpaka ndalama zitakwana anagula malo a Wormleighton mu 1506 kenako Althorp ya ku Northamptonshire mu 1508 kuchokera kwa a Catesby, Althorp yomweyo imene Diana anaikidwa. Ulemu wa Sir anaupeza cha kumapeto kwa moyo wake, anamwalira mu 1522 ndipo manda ake ali m'tchalitchi cha ku Great Brington mpaka lero. Mbiri yake ndi imeneyo, ya munthu wodziwa bizinesi, wakhama, wodziwa kuwerengera. Chochititsa manyazi n'chiyani pamenepa? Palibe. Koma zidzukulu zake zinachita nazo manyazi ndipo ndi pamene ine mtima ukundiwawa.

Onani mmene anakwerera. Mwana wake William anakwatira kwa a Knightley, eni malo oyandikana nawo. Mdzukulu, Sir John, anakwatira Katherine Kitson mwana wa mkulu wamalonda wolemera kwambiri wa ku London. Wotsatira, Sir John winanso, anakwatira Mary Catlin mwana wa jaji wamkulu wa dzikolo. Ndalama kukwatira ndalama, malo kukwatira malo, m'badwo ndi m'badwo, kwinaku nkhosa zikuswana mpaka kupitirira 10,000. Ana aakazi ankapita ndi chuma chambiri ku ukwati ndiye mabanja a maudindo anayamba kugogoda okha, Alice Spencer mpaka anakwatiwa ndi Ferdinando Stanley amene anadzakhala Earl of Derby. Magazi ali pati apa? Ndionetseni. Ine ndikuona ubweya, nyama yopita kwa ogulitsa nyama a ku London, ndi maukwati owerengera bwinobwino.

Ndiye pofika 1595 chuma chilipo, nyumba zilipo, apongozi ndi akuluakulu, chatsala chimodzi, dzina lakale. Nthawi imeneyo kunali ofesi ya College of Arms imene inkayang'anira zizindikiro za mabanja ndi mndandanda wa makolo, ndipo kuyambira 1530 akuluakulu ake ankayendera chigawo ndi chigawo kufufuza kuti woyenera kutchedwa gentleman ndani, wopanda umboni ankamulengeza poyera kuti si kanthu. Mmodzi wa akuluakulu amenewa, Richard Lee, wa udindo wa Clarenceux King of Arms, ndi amene anawalembera a Spencer mzere wa makolo wowalumikiza ndi banja lakalekale la a Despenser, mpaka kukafika kwa kapitawo wa nyumba ya William the Conqueror. Mayina akufanana, ndiye kungosoka basi. John Spencer woyamba uja anali kale ndi chizindikiro chakechake chimene anapatsidwa mu 1504, cha mitu 6 ya mbalame za kunyanja, chimenecho anachikankhira pambali n'kutenga cha a Despenser, kuwonjezerapo tizigoba titatu. Tizigoba timeneto tinafika mpaka pa zizindikiro za William ndi Harry.

Katswiri wa mbiri J. Horace Round anazifukula zonsezi mu 1901 n'kuonetsa kuti mzerewo ndi wopeka. 1901 abale! Zaka zoposa 120 chiululikireni bodza, koma munthu ali pa foni mu 2020 ndi chakuti akutiuzabe kuti tigwade chifukwa cha 1066. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Ndipo musaganize kuti ofesi imeneyi inali yoyera. Mu 1616 mkulu wake weniweni, William Segar, anapusitsidwa ndi mnzake wa mu ofesi momwemo n'kupereka chizindikiro cha ulemu kwa Gregory Brandon, munthu amene ntchito yake inali yonyonga akaidi ku London, mpaka Segar ndi mnzake uja onse awiri anakalowa m'ndende. Anthu ake ndi amenewa amene ankadinda mapepala oti uyu magazi ake ndi apamwamba uyu ayi. Ukalipira fizi, akupezera agogo. Ndiye wina azindiuza kuti pepala lotere ndi umboni woti Mulungu analenga anthu ena ndi dothi lina?

Ngakhale William Cecil, nduna yaikulu ya mfumukazi Elizabeth I, munthu wanzeru zoopsa amene anayendetsa dziko zaka pafupifupi 40, ankataya nthawi kujambula mizere ya makolo kufuna kudzilumikiza ndi mabanja akale a ku malire a Wales. Matenda anali a onse. Chifukwa chake n'chosavuta, malo ankasintha manja kwambiri makamaka Henry VIII atalanda malo a amonke kuyambira 1536 n'kumawagulitsa, olemera atsopano anachuluka ndipo aliyense ankafuna kuoneka ngati anayamba kale. Koma zifukwazo zisatitayitse nthawi, mfundo ndi yoti dzina ankagula.

Chimene chikundipsetsa mtima kwambiri ndi ichi. Pa mtengo wa makolo wokongola uja pali malo a kapitawo wa mu 1066 amene sanali m'bale wawo n'komwe, koma palibe malo a anthu a ku Wormleighton. Mu 1499 mwini malo wa nthawiyo William Cope anagwetsa nyumba za m'mudzimo n'kusandutsa minda kukhala msipu, anthu pafupifupi 60 anachotsedwa. Inde si Spencer anawathamangitsa, iye anagula malowo atayeretsedwa kale, ndipo boma litayamba kufufuza za kutchinga minda mu 1517 anadziteteza kuti wamanga nyumba zina ndi kukonza tchalitchi. Chabwino. Koma nkhosa zake zinkadya pa minda ya ndani? Udzu umene unasanduka ubweya, ubweya n'kusanduka Althorp, unamera pamene anthu ankalima chakudya cha ana awo. Anthu amenewo mayina awo ali kuti? Abusa amene ankagona panja nyengo yozizira ija nkhosa zikamaswa, ometa ubweya, oyendetsa ziweto wapansi mpaka ku msika, ndani anawalembera mzere wa makolo? Nawonso anali ndi agogo mu 1066. Aliyense wamoyo anali ndi agogo mu 1066, ine, inu, amene munaponya chithunzi uja, tonse. Kusiyana kwake n'koti ena anali ndi ndalama yolipira mlembi.

Mu 1603, Elizabeth atangomwalira, mfumu James I inamupatsa Robert Spencer, mwana wa Mary Catlin uja, udindo wa Baron Spencer of Wormleighton, ndipo anthu ankati ndi mmodzi mwa anthu a ndalama zambiri mu England yense. Kuyambira kugula Althorp mpaka kukhala Lord sipanathe ndi zaka 100 zomwe. Koma eni mayina akale sanaiwale. Mu 1621 mu House of Lords, nyumba ya malamulo ya eni maudindo, Earl of Arundel wa banja la a Howard anamunyoza pamaso pa onse kuti pamene zinthu zikuluzikulu zinkachitika makolo ake anali kuweta nkhosa. Spencer anabweza kuti pamene makolo ake ankaweta nkhosa, makolo a Arundel anali kukonza chiwembu choukira mfumu. Ndipo sananame, agogo ake a Arundel anadulidwa mutu mu 1572, bambo ake anafera m'ndende ya Tower of London mu 1595. Arundel anatumizidwa ku Tower komweko chifukwa chokana kupepesa. Mwaona? Tsiku limene zinavuta, pepala la Richard Lee silinamuthandize Spencer, Arundel sanalikhulupirire, aliyense m'chipindamo ankadziwa za nkhosa. Chinamuimiritsa ndi nkhosa zomwezo zimene banja linkabisa. Nanga a Howard iwowo? Nawonso anayambira kwa loya wa ku Norfolk amene anakhala jaji cha m'ma 1300. Anyani sasekana zikundu.

Wina anena kuti koma Diana anali nawodi magazi a mfumu Charles II. Eya, kudzera mwa ana amene mfumuyo inaberekera kunja kwa banja, ndipo zinalowa mwa a Spencer kudzera m'maukwati a pambuyo pake, chuma chitabwera kale. Akanakhala osauka palibe mdzukulu wa mfumu akanayang'anako. Ndiye tabwerera pomwe paja. Nkhosa poyamba, malo pambuyo, maukwati, kenako dzina. Winston Churchill, amene anali nduna yaikulu ya Britain, naye ndi Spencer, wa mzere womwewo wa John woweta uja. Palibe chozizwitsa m'mitsempha mwawo, ndi chuma chimene chakhalitsa m'banja limodzi mpaka anthu kuiwala kumene chinachokera.

Ndipo chinakhalitsa bwanji? Apa ndiye pali china chimene chimandinyansa. Malo onse ankapita kwa mwana wamwamuna wamkulu yekha, ena onse adzionere, aakazi ndiye ntchito yawo kukwatiwa kumene banja lapindula. Pa mizere ya makolo ija mkazi amangolembedwa kuti mwana wa uje, anabweretsa zakuti, ngati kuti mbumba imabadwa yokha popanda mayi. Ife amene fuko timaliwerengera kuchikazi tikuyenera kudabwa nazo zimenezi, osati kuziombera m'manja. Katherine Kitson anabweretsa ndalama za ku London, anabereka ana amene anakweza banjalo, koma pa gulupu paja palibe ndi mmodzi yemwe amene anamutchula, onse pakamwa William the Conqueror. Ndipo sizinathe ndi a Tudor ayi. Bambo ake a Diana atamwalira mu 1992, Althorp ndi udindo zinapita kwa Charles, mchimwene wake wa Diana, chitsiriza m'banjamo, azichemwali ake atatu onse aakulu kwa iye ali pomwepo akuyang'ana.